Wochotsedwa chotupa asatuluke m'chipatala opanda malangizo omveka

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo kudzera m'nyuzipepala yanu pa nkhani ya anthu amene amachitidwa opareshoni yochotsa chotupa chamafuta, chija madokotala amachitcha lipoma, n'kubwerera kwawo tsiku lomwelo ali ndi bala losoka koma asakudziwa bwinobwino chochita nalo. Opareshoni imeneyi ndi yaing'ono, ndipo madokotala athu kuno ku Zomba amaichita mwaluso. Chimene chikuperewera ndi malangizo omveka, olembedwa m'chilankhulo chathu m'buku la kuchipatala la wodwalayo, pajatu milungu iwiri kapena itatu imene bala limapola, munthu sakhala ndi namwino pambali, amakhala ndi abale ake kumudzi, ndipo iwowo ndiwo amasankha kuti pabala paikidwe chiyani ndiponso kuti wodwala ayambe liti kugwira khasu.

Kwa amene sanachionepo, chotupachi ndi mafuta amene amaunjikana pansi pa khungu atakutidwa ndi kachikopa kopyapyala. Chimakhala chofewa, chimasuntha munthu akachikankha ndi chala, kawirikawiri sichipweteka, ndipo chimakula pang'onopang'ono kwa zaka zambiri. Chimakonda kutuluka pamsana, paphewa, pakhosi, pamkono ndi pantchafu, makamaka mwa anthu a zaka zapakati pa 40 ndi 60, ndipo zambiri sizikula kupitirira masentimita 5. Si khansa, sichipatsirana, ndipo sichitanthauza kuti wina wakuponyera kanthu. Kutemapo mphini sikuchiphwetsa, kumangosiya zipsera pakhungu limene dokotala adzafune kusoka. Ambiri amakalamba nacho osachichotsa. Amene amapita kufiyeta ndi aja chayamba kuwapweteka, chikuwalepheretsa kugona kapena kunyamula katundu, kapena chakula mokayikitsa.

Ntchito ya kufiyeta nthawi zambiri sidutsa ola limodzi. Wodwala amabayidwa jakisoni wochititsa dzanzi pamalopo, dokotala amacheka khungu, amatulutsa chotupacho pamodzi ndi kachikopa kake, amatseka mitsempha imene ikutuluka magazi, kenaka n'kusoka. Chimene ambiri sauzidwa n'chakuti mzere wa ulusi umene akuuona kunjawo ndi gawo laling'ono chabe la bala. Mkati mumatsala mphako yofanana kukula ndi chotupa chimene chachotsedwacho, monga dzenje limene limatsala pamzere munthu akafukula chinangwa, ndipo mphako imeneyi ikapanda kupanikizidwa bwino imadzaza magazi kapena madzi a m'thupi. N'chifukwa chake namwino amamanga bandeji yothina pang'ono, ndipo chotupa chikakhala chachikulu dokotala amasiyamo kapaipi kotulutsira madzi kwa masiku ochepa. Munthu amene wamvetsa zimenezi sakakamizika kusamala. Amadziwa yekha chifukwa chake akuuzidwa kuti asagwedeze malowo.

Chimene chandichititsa kulemba ndi zimene ndinaona pa achemwali anga, mayi wa zaka za m'ma 50, amene anachotsedwa chotupa chotere pamsana, cha m'munsi mwa phewa lamanja, pachipatala china m'boma lino m'mwezi wa Okutobala. Atafika kunyumba anatipatsa buku lawo kuti tiwawerengere, ndipo pansi pa zolemba za dokotala panali zilembo zakuti "ROS 14/7". Mwana wawo wa Fomu 3 anati zikutanthauza kuti abwerere pa 14 Julayi, ndipo tonse tinadabwa kuti ulusi ungakhale bwanji m'thupi miyezi yonseyo. Anatimasulira ndi mayi wina woyandikana nafe nyumba, amene anapuma pa ntchito ya unamwino, kuti dokotalayo ankanena kuti ulusi uchotsedwe pakatha masiku 14. Komanso panalibe amene anawafunsa achemwali ntchito imene amagwira pakhomo. Iwo amalera mdzukulu, ndipo ululu utangochepa anamubereka kumbuyo monga mwa masiku onse, chitenje chikudutsa pabala penipeni, mwana akudzikoka ndi kugunditsa mutu pomwepo. Pofika madzulo bandeji inali itanyowa ndi madzi ofiirira, ndipo kumapeto kwa bala ulusi unali utang'amba khungu, patatseguka moti nsonga ya chala chaching'ono ikanalowa. Gawo limenelo silinasokedwenso. Linapola lokha kuchokera pansi, akumakatsukidwa kuchipatala chaching'ono, ndipo bala la milungu iwiri linatenga nthawi yoposa mwezi.

Ena anganene kuti safunsa anadya phula, wodwala azifunsa yekha. Koma munthu amene wangotsika pabedi la kufiyeta, mtima ukadali m'mwamba, kunja kuli mzere wa anthu ena amene akudikira, sakumbukira zofunsa, ndipo ngakhale atauzidwa pakamwa, pofika pa depoti amakhala ataiwala theka. Sindikuimba mlandu anamwino athu, amene amaona anthu ochuluka kuposa mphamvu zawo. Zilembo zachidulezo amalemberana okhaokha ogwira ntchito zachipatala, ndipo pakati pawo n'zomveka. Vuto n'lakuti buku limapita ndi wodwala ku Chingale, ku Mayaka, ku Jali kapena pachilumba cha Chisi, kumene wolimasulira ndi mwana wasukulu.

Tsono zimene wodwala ayenera kudziwa sizovuta. Maola 48 oyambirira bandeji isanyowe ndipo isachotsedwe pokhapokha ngati yanyowa ndi magazi kapena yada, chifukwa ndi m'nthawi imeneyi pamene khungu la mbali ziwiri limalumikizana pamwamba n'kutseka njira ya tizilombo. Kadontho ka magazi pabandeji n'kosadetsa nkhawa. Magazi akamatuluka ndithu, gadiyani asambe m'manja ndi sopo, aike nsalu yoyera pamwamba pa bandejiyo ndi kupanikiza mwamphamvu kwa mphindi 15 osasuzumira, ndipo akapanda kusiya, kapena pamalopo pakatupa mofulumira n'kulimba m'maola ochepa, abwerere kuchipatala nthawi yomweyo ngakhale kuli usiku. Dzanzi limatha pakapita maola ochepa, ndipo ululu umene umatsatira umamvera Panado: munthu wamkulu amamwa mapiritsi awiri a mamiligalamu 500, kudikira maola osachepera anayi asanamwenso, ndipo osapitirira mapiritsi 8 pa maola 24. Asipirini amachititsa kuti magazi achedwe kuundana, choncho si mankhwala omwera ululu wa bala latsopano, ndipo amene amamwa asipirini kapena mankhwala ena ochepetsa kuundana kwa magazi tsiku ndi tsiku ayenera kuuza dokotala opareshoni isanachitike. Bulufeni amathandiza, koma amwedwe munthu atadya, ndipo sayenera kwa amene ali ndi zilonda zam'mimba, vuto la impso kapena amayi oyembekezera.

Masiku awiriwo akadutsa, munthu akhoza kusamba modzithira madzi ndi kapu, osakhula pabala ndiponso osaliviika. Kusamba mu Likangala, mu Domasi kapena m'nyanja ya Chilwa kudikire mpaka ulusi utachotsedwa ndipo bala litatsekeka lonse. Potsuka bala kunyumba, madzi owiritsa n'kuzizira ndi okwanira. Wofuna kuthiramo mchere aike theka la supuni ya tiyi m'kapu imodzi, zimene zimayandikira madzi amchere a kuchipatala aja, omwe amakhala ndi magalamu 9 a mchere pa lita imodzi. Apukute modinda ndi nsalu yochapa bwino, youmika padzuwa ndi kusita, kenaka aphimbe ndi bandeji yatsopano. M'nyengo yotentha ngati ya Okutobala ndi Novembala thukuta limamatula pulasitala msanga, ndipo bandeji yonyowa ndi thukuta iyenera kusinthidwa, chifukwa chinyezi chokhalitsa chimafewetsa khungu mozungulira ulusi, komanso bala losaphimba limaitana ntchentche ndi fumbi. Apa ndiyenera kunena mosapita m'mbali za zinthu zimene timaika pamabala m'makomo mwathu. Ndaonapo anthu akutsegula kapisozi n'kuwaza ufa wake pachilonda, ena akupaka mankhwala otsukira mano, ena phulusa, ena masamba osinja. Zonsezi zimabweretsa litsiro pamalo amene dokotala anayesetsa kuwasiya oyera, ndipo dothi ndi ndowe zimanyamula tizilombo ta kafumbata, matenda amene amapha. Ngakhale sipiriti, imene ambiri amaikhulupirira chifukwa cha kuwawa kwake, imaotcha minofu yanthete imene ikuyamba kumera, choncho kuithira m'bala tsiku ndi tsiku kumachedwetsa kupola.

Nkhani yaikulu kwa ife a ntchito zamanja ndi ya nthawi yoyambiranso ntchito, ndipo apa ndi pamene malangizo a "mupume pang'ono" sathandiza. Kupuma pang'ono kwa kalaliki wa muofesi n'kosiyana ndi kwa mayi amene amatunga madzi pamjigo, kwa wakabaza amene amakwera chitunda cha ku Chinamwali atanyamula munthu, kapena kwa mlimi amene akufuna kumaliza mizere mvula isanagwe. Bala likaoneka lotsekeka kunja silikhala litalimba. Pakatha milungu itatu limakhala ndi mphamvu pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a khungu labwinobwino, ndipo pakatha miyezi itatu limafika pafupifupi magawo 80 pa 100 alionse, osabwereranso pa mphamvu yake yakale. Khungu la pamsana ndi paphewa ndi lokhuthala ndipo limakokeka nthawi iliyonse munthu akawerama kapena kutambasula mkono, n'chifukwa chake ulusi wa pamenepo umakhala masiku 10 mpaka 14, pamene wa kumaso umachotsedwa pakatha masiku 5 mpaka 7. Kuuchotsa msanga kumatsegula bala, kuusiya nthawi yaitali kumasiya timabowo ndi mafinya m'mbali mwake, ndipo kuudula kunyumba ndi lezala ndi njira yachidule yolowetsera tizilombo. Pali ulusi wina umene umasungunuka wokha mkati, ndipo wodwala ayenera kuuzidwa mtundu umene wasokedwa nawo. Kuyenda ndi ntchito zopepuka munthu akhoza kuyamba mawa lake, ndipotu kuyenda n'kwabwino kuposa kugona tsiku lonse. Koma kusenza ndowa, kubereka mwana, kuwaza nkhuni, kusinja ndi kulima ziyenera kudikira kufikira ulusi utachotsedwa, ndipo kwa amene chotupa chawo chinali chachikulu kapena chozama, milungu inayi kapena kupitirira apo monga dokotala anenera. Banja lidziwe zimenezi lisanasankhe tsiku la opareshoni, popeza chotupa chamafuta sichithamangitsa, ndipo mlimi angachite bwino kuchichotsa atakolola kusiyana ndi nthawi yopanga mizere.

Chinthu china chimene chimaopsa anthu ndi kutupa kofewa kumene kumaoneka pansi pa bala pakatha mlungu umodzi kapena kupitirirapo pang'ono. Ambiri amaganiza kuti chotupa chabwerera, ndipo ena amayamba kunena kuti matendawo si a kuchipatala. Kawirikawiri amakhala madzi a m'thupi amene adzaza mphako ija. Akakhala ochepa thupi limawamwa lokha m'milungu ingapo, akachuluka dokotala amawapopa ndi jakisoni, nthawi zina kangapo. Chofunika n'chakuti munthu asafinye kapena kuboola ndi singano kunyumba, chifukwa madzi amene anali oyera amasanduka mafinya. Chotupa chenichenicho chikachotsedwa chonse sichibwerera pamalo omwewo kawirikawiri, ngakhale kuti anthu ena amatuluka china pamalo ena.

Zizindikiro zakuti bala lalowa tizilombo ziyenera kulembedwa moganizira khungu lathu. Mabuku ambiri amati muone kufiira, koma pakhungu lakuda kufiira sikuoneka msanga. Gadiyani agwire ndi kuseri kwa dzanja m'mbali mwa bala ndi kuyerekeza ndi mbali ina ya thupi: ngati pakutentha, palimba, pakunyezimira kapena pada kwambiri, ndipo kutupako kukufalikira, pali vuto. Ululu wa bala labwino umachepa tsiku ndi tsiku, choncho ululu umene ukuwonjezeka pambuyo pa tsiku lachitatu, makamaka wogunda, ndi chenjezo. Chimodzimodzi mafinya, fungo loipa, mwanabere m'khwapa kapena m'mphechepeche, ndi kutentha thupi kufika madigiri 38. Kutentha thupiku ndiye kumatisocheretsa kwambiri, chifukwa kuno thupi likangotentha tonse timati ndi malungo, ndipo munthu amakayezetsa magazi, kapena kungogula LA, osanena kuti ali ndi bala losoka pansi pa malaya. Malungo akhoza kukhalapo ndithu, koma amene wachitidwa opareshoni posachedwa auze wachipatala ndipo amuonetse balalo, ngakhale atapezeka ndi malungo. Zizindikiro zimenezi zimakonda kuoneka mlungu woyamba ukamatha, koma zikhoza kubwera nthawi iliyonse m'masiku 30 oyambirira.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linanena mu 2016 kuti m'maiko osauka ndi ongotukuka kumene, odwala 11 mwa 100 alionse ochitidwa opareshoni mabala awo amalowa tizilombo. Chiwerengerochi n'cha maopareshoni a mitundu yonse, ndipo yochotsa chotupa chamafuta ili m'gulu la amene chiopsezo chake n'chochepa. Koma m'malangizo omwewo bungweli linati mankhwala opha tizilombo asamapitirizidwe opareshoni itatha pofuna kungoteteza. Ndikutchula izi chifukwa odwala ambiri akapatsidwa Panado yekha amaona ngati achipatala awamana mankhwala, ndipo amakagula amokisilini pagolosale n'kumwa masiku awiri. Bala loyera silifuna mankhwala amenewa, bala la mafinya nthawi zambiri limafuna kutsegulidwa ndi kutsukidwa, ndipo kumwa makapisozi mwachisawawa kumangophunzitsa tizilombo kupirira.

Matupi sapola mofanana. Wodwala matenda a shuga bala lake limachedwa ndipo limalowa tizilombo mosavuta shugayo akakwera, choncho apitirize mankhwala ake ndi kuyezetsa m'masiku amenewa. Amene ali pa ma ARV asadumphitse ngakhale tsiku limodzi. Fodya amachepetsa magazi ofika pakhungu, ndipo wosuta angachite bwino kusiya milungu ingapo opareshoni isanachitike ndi pambuyo pake. Kumbali ya chakudya, thupi limamanga minofu yatsopano ndi zakudya zomanga thupi, ndipo sizifuna ndalama zambiri: nyemba, nandolo, soya, mazira, matemba, usipa ndi nsinjiro m'ndiwo zamasamba. Magwafa, malalanje, mapapaya, mango ndi malambe zimapereka vitamini C, amene bala limafuna kuti lilimbe. Ndinamvapo achikulire ena akuletsa wodwala mazira ndi nsomba ati zimachulukitsa mafinya. Mafinya amabwera ndi tizilombo, ndipo kumumana wodwala ndiwo zoterezi n'kumuchedwetsa kuchira.

Za chipsera wodwala ayenera kuuzidwa asanagone pabedi la kufiyeta, osati pambuyo pake. Ife a khungu lakuda timakonda kutuluka zipsera zotupa, zolimba ndi zoyabwa, zimene zimakula kupitirira malire a bala, makamaka pachifuwa, paphewa, kumtunda kwa msana ndi kukhutu, omwenso ndi malo ena amene chotupa chamafuta chimakonda. Amene anatulukapo chipsera chotere ataboola khutu, atatemedwa mphini kapena atavulala, auze dokotala, chifukwa kwa iyeyo mwina kuchotsa chotupa chaching'ono chosapweteka kungamusiyire chinthu chovuta kuposa chimene anali nacho. Chipsera wamba chimayamba cholimba ndi chakuda, n'kumafewa pang'onopang'ono kwa chaka kapena kupitirira. Bala likatsekeka lonse, kusisita ndi mafuta odzola monga Vaseline kumathandiza kuti chifewe. Chikayamba kutupa, pali jakisoni amene amabayidwa m'chipseracho kuti chiphwe, ndipo kuchidula kokha nthawi zambiri kumachibweza chachikulu.

Pomaliza pa zachipatala pali nkhani ya chotupa chimene chachotsedwacho. Zotupa zamafuta pafupifupi zonse n'zosaopsa, koma pali khansa ina yosowa imene imayamba m'mafuta ndipo poyamba imafanana nazo. Madokotala amakayikira chotupa chikakhala chachikulu kuposa masentimita 5, chozama mkati mwa minofu, cholimba, chopweteka kapena chokula mofulumira, ndipo chotere chimaikidwa m'botolo la mankhwala n'kutumizidwa kulabotale, ku Blantyre kapena ku Lilongwe, kuti akatswiri akachione ndi makina oonera zinthu zazing'ono. Zotsatira zimatenga nthawi, ndipo wodwala amene bala lake lapola saganizanso zobwerera. Buku lake liyenera kunena ngati chotupa chatumizidwa kapena ayi, ndipo ngati chatumizidwa, akafunse kuti ndiponso liti. Aliyense amene chotupa chake chameranso pamalo omwewo abwerere msanga osadikira kuti chikule.

Pempho langa kwa akuluakulu a zaumoyo m'boma la Zomba ndi ku Unduna wa Zaumoyo silifuna makina kapena nyumba yatsopano. Pakhale chidindo kapena kapepala ka m'Chichewa, ndi ka m'Chiyao popeza ambiri m'boma lino ndicho chilankhulo chawo, komata m'buku la aliyense wochitidwa opareshoni yaing'ono, kokhala ndi mipata yoti namwino angodzaza: tsiku losintha bandeji, tsiku ndi mwezi wochotsa ulusi zolembedwa mokwanira, chipatala chapafupi chimene angakachotsere kuti wa ku Chisi asalipire boti ndi galimoto kudzafika m'tauni, tsiku loyambira ntchito zolemetsa, ndi ngati chotupa chapita kulabotale. Kumunsi kwake kukhale zizindikiro zobwerera nazo msanga ndi nambala ya Chipatala cha pa Foni, ntchito imene inayamba ku Balaka mu 2011 ndipo tsopano imayankha mafunso a zaumoyo m'dziko lonse. Alangizi a zaumoyo a m'midzi akaona kapepalako adzadziwa khomo loti asuzumire. Ndipo namwino asanatulutse wodwala amufunse funso limodzi, lakuti amagwira ntchito yanji pakhomo, kenaka auze gadiyani pamaso pa wodwalayo ntchito zimene wina ayenera kumugwirira kufikira ulusi utachotsedwa.

Ine wowerenga wanu,
Chinamwali, Zomba